Gwero ndi Mwini Mau: Kuunika Zipangizo za pa Intaneti Zosungira Magwero ndi Zotolera za Kafukufuku wa Ziyankhulo

1. Chiyambi

M'nkhani ino tifuna kuunika zipangizo za pa intaneti zimene ofufuza ziyankhulo m'chigawo chathu ayamba kuzidalira pa ntchito ziwiri. Ntchito yoyamba ndi kusunga ndi kusanja magwero amene munthu amatchula m'zolemba zake. Yachiwiri ndi kugawana ndi anzathu zimene tatolera kwa eni chiyankhulo, monga mau ojambulidwa, mindandanda ya mau, nthano ndi zokambirana. Pa ntchito yoyamba tiona makamaka Zotero ndi Mendeley, ndipo pa yachiwiri tiona Zenodo ndi nkhokwe ya ELAR. Sitinabwere kudzaphunzitsa kagwiritsidwe ntchito kake, pakuti malangizo otere alipo kale ochuluka. Funso lathu ndi ili: pamene chipangizo chalemba gwero la chitsanzo cha chiyankhulo, chimakumbukira yani ndipo chimasiya yani? Zitsanzo zambiri tazitenga ku Chichewa kapena Chinyanja, koma anzathu ofufuza Chishona, Chibemba, Chitonga kapena Chisena adzazindikira mavuto awo momwemo.

2. Zimene zipangizozi zimachita bwino

Tiyambe ndi kuyamikira, popeza choyamikira chilipo. Zotero inatuluka mu 2006 ku George Mason University ku America. Ndi yaulere, ndipo aliyense ali ndi ufulu woona m'kati mwake ndi kuikonza. Munthu akaipatsa nambala ya DOI kapena ya ISBN, imakatenga yokha dzina la wolemba, mutu, chaka ndi masamba, nkuzisanja monga momwe akonzi a magazini afunira. Imagwira ntchito ngakhale intaneti itaduka, ndipo ichi si chinthu chaching'ono kwa ife amene timalemba magetsi akuthimathima. Amene anasanjapo magwero mazana atatu ndi makadi a m'katoni sangalakelake masiku amenewo.

Mendeley inayambira ku London ndipo mu 2013 inagulidwa ndi kampani yosindikiza mabuku ya Elsevier. Ntchito yake njofanana ndi ya Zotero, koma mu 2018 eni ake anatseka ndi loko wa chinsinsi nkhokwe imene pulogalamuyo imasunga pa kompyuta ya munthu, kotero kuti kusamutsa zonse kupita ku pulogalamu ina kunavuta. Mu 2022 analeka kupereka pulogalamu yawo yakale ya pa kompyuta. Kwa ife zimenezi nzokwanira kugamula mlandu: dipatimenti yosauka isamange nkhokwe yake m'munda wobwereka. EndNote njogula, ndipo sitiikambapo zambiri.

3. Zilembo ndi maina

Mavuto oyamba ndi aang'ono, ndipo ali ndi mankhwala. Nkhani yodziwika bwino ya Bresnan ndi Mchombo ya mu 1987 ili ndi Chicheŵa m'mutu wake, cholembedwa ndi ŵ, pamene buku la Mchombo la mu 2004 lili ndi Chichewa, w wake wopanda kachipewa. Makina ena ofufuzira amatenga mau awiriwa ngati amodzi, ena ayi. Kachizindikiro ka mu Mang'anja kamalembedwa m'njira zingapo zimene diso silisiyanitsa koma kompyuta imasiyanitsa. Masitayelo ena a BibTeX amachepetsa zilembo zazikulu m'mitu, kotero kuti isiZulu chimasanduka isizulu. Zotero nayo, ikapanda kuuzidwa chiyankhulo cha buku, imaganiza kuti ndi Chingerezi, ndipo m'masitayelo okuza zilembo imalemba Wa ndi Ndi pakati pa mutu wa Chichewa. Kungolemba ny m'danga la chiyankhulo kumathetsa vutoli, koma ndi angati amene anauzidwa?

Maina a anthu nawo amaphwanyika. Chipangizo chimayembekeza dzina la banja limodzi ndi maina oyamba, motero Ngũgĩ wa Thiong'o amatuluka ngati Thiong'o, N. W. pokhapokha munthu atasankha danga limodzi losagawa dzina, limene Zotero ili nalo. Kwa ife a ku Malawi ndi Zambia vuto lina ndi kuchuluka kwa a Phiri, a Banda ndi a Mwale. Pamenepa nambala ya ORCID, imene inayamba mu 2012 ndipo njaulere, imathandizadi, ndipo sitikuona chifukwa choti wofufuza aliyense wa m'chigawo chino asakhale nayo.

4. Dzina la chiyankhulo

Vuto la dzina la chiyankhulo ndi lozama kuposa awa, chifukwa si kulakwa kwa makina ayi, koma chigamulo cha anthu chimene makina amachibisa. Mtanthauziramau wa David Clement Scott wa mu 1892 umati Mang'anja. Pamene Alexander Hetherwick anaukonzanso mu 1929 unati Nyanja. Mu 1968 chipani cha Malawi Congress chinagamula kuti chiyankhulo cha dziko chizitchedwa Chichewa, pamene ku Zambia ndi ku Mozambique dzina la Cinyanja linapitirira. Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000, wa Centre for Language Studies ku Zomba, unabwerera ku dzina lakale. Wophunzira amene afufuza ndi dzina limodzi lokha apeza gawo chabe la zolembedwa, ndipo makina samuchenjeza kuti gawo lina latsala.

Yankho la nkhokwe za pa intaneti ndi kupatsa chiyankhulo chizindikiro cha zilembo zitatu cha ISO 639-3, chimene kwa ife ndi nya. Ichi chimasonkhanitsa zimene Guthrie anazigawa patatu pansi pa N.31, ndiye kuti Chinyanja, Chichewa ndi Chimang'anja. Nzothandiza pofufuza. Koma taonani mmene mndandanda womwewo umachitira ndi anansi athu. Chisena unachigawa pawiri potsata malire a maiko, seh ku Mozambique ndi swk ku Malawi. Chilomwe chimodzimodzi, ngl ndi lon. Tsono malire a atsamunda agawa Chisena m'chigwa cha Shire koma sanagawe Chinyanja, ngakhale kuti Chinyanja cha m'tauni ya Lusaka, chimene ofufuza amachiika pansi pa nya yemweyo, chatalikirana ndithu ndi Chichewa cha ku Dedza. Ndipo wolemba Tonga m'danga lofufuzira amalandira ziyankhulo zinayi: cha ku Zambia ndi Zimbabwe, cha ku Nkhata Bay, cha ku Inhambane, ndi cha pa zilumba za m'nyanja ya Pacific, chimene si cha Bantu nkomwe. Sitikunena kuti zizindikirozi zitayidwe. Tikunena kuti woika zotolera zake m'nkhokwe asakhutire ndi nya, koma alembe mudzi, mfumu yaikulu, boma, chaka, ndi dzina limene woyankhulayo anatchula nalo chiyankhulo chake. Danga lokakamiza zimenezi mu Zenodo mulibe, ndipo chimene sichikakamizidwa kawirikawiri chimatsala.

5. Zolembedwa zopanda nambala

Chipangizo chosanja magwero chimakonda cholembedwa chimene chili ndi nambala. Nkhani yosindikizidwa ku Berlin kapena ku Amsterdam imalowa m'mndandanda ndi chala chimodzi. Malamulo a kalembedwe a Chichewa Board a mu 1973, 1980 ndi 1990, buku la kalembedwe ka ziyankhulo za ku Zambia la mu 1977, lipoti la NELIMO la ku Maputo la mu 1989, zolemba za digiri zimene zili m'mashelefu a ku Zomba, Lusaka, Harare ndi Maputo, ndiponso mabuku a misonkhano onga lino, zonsezi ziyenera kutaipidwa ndi manja, danga ndi danga. Zambiri zinatuluka bungwe la Crossref, limene limapereka ma DOI kwa osindikiza, lisanayambe mu 2000, ndipo palibe kampani yaikulu imene ili ndi phindu pozipatsa nambala tsopano.

Madzi amatsata potsika. Wophunzira wopanikizika ndi nthawi amatchula chimene chalowa chokha, nasiya chofuna kutaipa. Wotsatira wake amatengera mndandanda womwewo. Pakapita zaka zingapo, makina owerenga kuti wakuti watchulidwa kangati amaonetsa kuti za Chichewa zinalembedwa makamaka kunja, ndipo makomiti okweza anthu pa ntchito amakhulupirira chiwerengerocho. Amene amayesa zolemba za ophunzira a digiri yachiwiri atsegule masamba omalizira aone okha kuti ntchito za aphunzitsi a ophunzirawo zatchulidwa kangati.

Pano mlandu wina ndi wathu monga akonzi a magazini ndi mabungwe. African Journals Online yakhala ilipo kuyambira 1998. Kuyambira 2023 Crossref inachotsa malipiro a umembala kwa mabungwe a m'maiko osauka, kuphatikizapo Malawi ndi Mozambique. Zenodo, imene CERN ndi OpenAIRE anakhazikitsa mu 2013, imapereka DOI kwaulere ku cholembedwa chilichonse chimene mwini wake waikamo. Zotero imalola gulu la anthu kusunga mndandanda umodzi wa onse. Madipatimenti anayi kapena asanu atagawana ntchito yotaipa zolemba za digiri za m'nyumba zawo za mabuku, gwero lililonse likanataipidwa kamodzi kokha.

6. Mwini mau

Tafika tsopano pa mtima wa nkhani yathu. M'maphunziro ambiri gwero ndi buku. M'maphunziro athu gwero lenileni ndi munthu amene anatsegula pakamwa.

Mtanthauziramau woyamba wa chiyankhulo chathu, umene unatchedwa wa Kiniassa, unasindikizidwa mu 1877 m'dzina la Johannes Rebmann, mkonzi wake ali Ludwig Krapf. Rebmann sanapondepo ku Nyanja. Mau anawatolera pafupi ndi Mombasa, m'zaka za m'ma 1850, kwa Salimini, munthu amene anagwidwa ukapolo kuchokera m'chigawo chapakati cha dziko limene lero ndi Malawi. Galamala ya Chichewa ya Mark Hanna Watkins ya mu 1937 inachokera m'kamwa mwa wophunzira mmodzi wa ku Chicago, Kamuzu Banda. Onse awiri, Rebmann ndi Watkins, anatchula anthu amenewa m'mau awo oyamba, ndipo tiwapatse ulemu wawo pa chimenecho. Koma lowetsani mabuku awiriwa mu Zotero kapena Mendeley. Mudzaona Rebmann, mudzaona Krapf, mudzaona Watkins. Salimini palibe, Banda palibe. Chimene m'mishonale wa m'zaka za m'ma 1850 anakumbukira kulemba, chipangizo cha lero chimachigwetsa panjira.

Wina anganene kuti iyi ndi nkhani ya ulemu chabe. Ife tikuti ndi nkhani ya sayansi. Amene sadziwa kuti Watkins anali ndi woyankhula mmodzi wa ku Kasungu adzatenga galamala imeneyo ngati chithunzi cha chiyankhulo chonse, nadabwa kuti bwanji zina za mmenemo sizimveka ku Zomba kapena ku Tete. Amene sadziwa kwawo kwa Salimini sangagwiritse ntchito mtanthauziramau wa Rebmann monga umboni wa Chichewa cha dera limenelo zaka zoposa 170 zapitazo, umene ndiwo mtengo wake waukulu lero. Dzina, kwawo ndi msinkhu wa woyankhula ndi mbali ya chitsanzo chenichenicho.

Tisanamizire zipangizo kuti zilibiretu malo a munthu wotere. Zotero ili ndi mtundu wa gwero wa kufunsa mafunso ndi wa mau ojambulidwa, ndiponso danga la wothandizira. Vuto lili pa masitayelo amene amasankha zotuluka pa pepala. Ambiri mwa iwo sasindikiza dzina la wothandizira. Sitayelo ya APA, imene mayunivesite ambiri a kuno amakakamiza, imati zokambirana zimene wowerenga sangakazipeze zisalowe m'mndandanda wa magwero. Tsono agogo amene anatipatsa ziganizo mazana awiri satchulidwa, pamene katswiri amene tinabwerekako chiganizo chimodzi ali ndi mzere wake wonse.

Akatswiri a ziyankhulo analiona vutoli. Bungwe la OLAC linakonza kale mndandanda wa maudindo, monga woyankhula, wojambula, wolemba zomveka ndi womasulira. Malangizo a ku Tromsø a mu 2019 amalola kuti anthu amenewa atchulidwe m'gwero pamodzi ndi udindo wawo, ndiponso kuti chitsanzo chiloze pa failo ndi mphindi yeniyeni pamene mauwo akumveka. Malangizowa ndi abwino. Chotsala nchakuti sanalowe m'masitayelo amene ophunzira athu amasankha pa kompyuta, ndipo wophunzira amamvera sitayelo koposa malangizo.

7. Liu ndi nkhokwe zake

Kuloza pa mphindi ya failo kuli ndi tanthauzo pokhapokha failoyo ilipo poti anthu aimve. Kwa ziyankhulo zathu kufunika kwake nkoonekeratu, chifukwa kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa liu.

(1) a. mténgo (wa m'nkhalango)
    b. mtengo (wa pa msika)

(2) a. ndímathandíza (masiku onse)
    b. ndimathándiza (kale lija)

M'kalembedwe ka masiku onse (1a) ndi (1b) ndi mau amodzi, chimodzimodzinso (2a) ndi (2b), chonsecho m'chitsanzo chachiwiri nthawi ya mneni yagona pa liu lokha. Downing ndi Mtenje, m'buku lawo la mu 2017, anaonetsa kuti madera amasiyana pa kayendedwe ka liu lokwera. Ofufuza awiri akasiyana pa chitsanzo, sitingadziwe ngati wina anamva molakwa kapena anafunsa anthu a madera osiyana, pokhapokha titamva tokha. Chifukwa chake ife tili kumbali ya ofuna kuti zotolera zigawidwe, ndipo makaseti amene akuola m'makabati a madipatimenti athu amatidetsa nkhawa koposa china chilichonse chimene tatchula m'nkhani ino.

Koma zigawidwe kuti? Malo aulere a mafailo mu Zotero ndi 300 MB, pamene ola limodzi la mau ojambulidwa bwino, osapanikizidwa, limapitirira pamenepo. Zenodo imalola 50 GB pa choikidwa chimodzi, ndipo kwa mindandanda ya mau, matebulo a aneni ndi zolemba zakale sitidziwa malo oposa amenewa. Komabe inamangidwira sayansi yonse, ndipo njira imene imayamba kuonetsa woikamo zinthu ndi yotsegulira dziko lonse, ndi chilolezo cha CC BY chimene chimalola aliyense kutenga, kusintha ngakhale kugulitsa, malinga atchule mwini. Mwini amene akutchulidwayo ndi wofufuza. Njira yotsekera mafailo ilipo, koma munthu ayenera kuifuna yekha.

Ganizani tsono za wofufuza amene wajambula mau a kudambwe kapena nyimbo za kutsimba. Gule Wamkulu analengezedwa ndi UNESCO mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse, m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia, koma chilengezo chimenecho sichinachotse mwambo wakuti zina amamva ndi olowa okha. Ngakhale nkhani wamba ya kumudzi imakhala ndi maina a anthu, milandu ya malo ndi matenda a m'banja. Failo ikatsitsidwa ndi munthu wa kutali, palibe woibweza. Mfundo za FAIR za mu 2016 zimafuna kuti zotolera zipezeke ndi kugwiritsidwanso ntchito. Mfundo za CARE za mu 2019 zinabwera kudzakumbutsa kuti eni ake ali ndi ulamuliro pa zimenezo. Zenodo inamangidwa pa zoyambazo.

ELAR, imene inayambira ku SOAS ku London nisamukira ku Berlin mu 2021, inamangidwa ndi anthu odziwa ntchito yathu. Failo iliyonse ikhoza kukhala ndi mlingo wakewake wa amene aloledwa kuimva, ndipo woyankhula aliyense ali ndi malo ake m'mbiri ya chojambulidwa. Pa kamangidwe ndiyo yoposa zonse zimene taona. Koma cholinga chake ndi ziyankhulo zimene zili pangozi ya kutha, ndipo Chichewa, Chishona ndi Chibemba sizili m'gulu limenelo. SADiLaR ya ku Potchefstroom udindo wake waukulu uli pa ziyankhulo za boma za South Africa. Motero ziyankhulo zazikulu za kumpoto kwa Limpopo zimagwera pakati: nzamoyo kwambiri kuti nkhokwe ya zakutha izilandire, ndipo nzosauka kuti zimange yawoyawo. Si zachilendo izi. Mitanthauziramau ya CBOLD inasonkhanitsidwa ku Berkeley, ndipo nkhokwe ya mau a Chishona ya ntchito ya ALLEX inasungidwa ku Oslo.

8. Kutchula ndi kubisa

Pali chotsutsa chimodzi chimene tiyenera kuchiyankha. Makomiti oona za chilungamo pa kafukufuku amalamula kawirikawiri kuti maina abisidwe, ndipo malamulo oteteza mbiri ya munthu alipo tsopano ku South Africa, ndiponso ku Zambia ndi ku Zimbabwe kuyambira 2021, ndi ku Malawi kuyambira 2024. Kodi kutchula woyankhula sikuswa zimenezi? Lamulo lobisa maina linabadwira m'kafukufuku wa zachipatala, kumene dzina likhoza kuvulaza wodwala. Kuligwiritsa ntchito mosasankha pa mmisiri wa nthano, amene mudzi wonse umamudziwa ndi luso lake, ndi kumulanda m'dzina la kumuteteza. Komanso kulemba kuti Woyankhula A pamene liu lake lili pa intaneti sikubisa kanthu, pakuti kwawo amamudziwa ndi liu.

Wogamula akhale mwini mau, ndipo afunsidwe mafunso atatu padera, m'chiyankhulo chake, yankho lake lijambulidwe kumayambiriro kwa failo. Kodi dzina lanu litchulidwe? Kodi liu lanu limvedwe ndi yani: ofufuza okha, a m'mudzi muno, kapena aliyense? Kodi mau anu agwiritsidwe ntchito pophunzitsa makina omasulira ndi oyankhula? Funso lachitatuli mafomu akale alibe, chonsecho Google Translate inalandira Chichewa mu 2014, ndipo ofuna mau a ziyankhulo zathu pa ntchito zotere akuchuluka. Munthu akhoza kuvomera loyamba nakana lachitatu, ndipo chilolezo chimodzi cha CC BY sichingathe kunyamula mayankho osiyana chotero.

Kumbali ya magwero, ntchito ili m'manja mwa akonzi. Masitayelo amene Zotero ndi Mendeley zimagwiritsa ntchito amalembedwa m'njira yotseguka ya CSL, ndipo aliyense akhoza kukonza yake. Bungwe la m'chigawo likhoza kutenga sitayelo yogwirizana ya akatswiri a ziyankhulo ya mu 2007, nkuonjezamo kuti dzina la woyankhula, udindo wake ndi dera lake zizisindikizidwa, nkulamula kuti nkhani zonse za m'mabuku ake zitsate imeneyo. Poyesa ngati sitayeloyo yakonzeka, akonzi alowetse mtanthauziramau wa mu 1877, Salimini ali m'danga la dzina losagawa, naone ngati atuluka pa pepala pambali pa Rebmann.